Mwambo ndi Baibulo pa Nsanja ya Kampeni

Kampeni ikayamba ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi, mawu ena amabwerera ngati mvula ya chizimalupsa. Amamveka pawayilesi, pamaliro, ngakhale pakhomo la tchalitchi mapemphero akatha: ana ataya mwambo, mabanja akutha, dziko lisachoke pamaso pa Mulungu. Ku America kapena ku Britain anthu oganiza chotere ali ndi zipani zawo ndi manyuzipepala awo. Kuno alibe chipani. Mawuwa ndi a abusa, mafumu ndi madoda oimba foni ku Breeze FM kapena ku Radio Maria ya ku Chipata, ndipo andale amangobwereka akaona kuti mavoti ali pamenepo.

Kum'mawa kusafulumira kusintha n'kwakale. M'chaka cha 1991, dziko lonse litakhamukira kwa a Frederick Chiluba ndi MMD, chigawochi chinakakamira kwa a Kenneth Kaunda. Pa mipando 25 yomwe UNIP inapeza ku nyumba ya malamulo, 19 inali ya kuno. Koma chodabwitsa n'chakuti chida chachikulu cha osunga mwambo a lero chinasulidwa ndi munthu yemwe a kum'mawa anamukana uja. Pa 29 Disembala 1991 a Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu, ndipo mu 1996 mawuwa analowa m'chiyambi cha malamulo a dziko.

A Edgar Lungu, omwe makolo awo ndi a ku Petauke, anachigwira bwino chidachi. Mu 2015 anakhazikitsa 18 Okutobala kukhala tsiku la mapemphero a dziko lonse, ndipo chaka chotsatira anatsegula unduna woona za zipembedzo, nduna yake m'busa Godfridah Sumaili. Mu 2019 kazembe wa America, Daniel Foote, atadzudzula chigamulo cha zaka 15 m'ndende kwa amuna awiri a ku Kapiri Mposhi opezeka olakwa pa mlandu wogonana, boma linakana kugwiranso naye ntchito ndipo anabwerera kwawo. Nkhaniyi inasanduka ndiwo ya pa kampeni. Otsatira chipani cha a Lungu cha PF ankanong'oneza anthu kuti a Hakainde Hichilema akalowa, zachilendozi zidzaloledwa, ngakhale eni akewo ankakana. Pambali pake pankayendanso kamawu kaja kakuti "wako ni wako", kokumbutsa wa kum'mawa kuti asataye mwana wa pakhomo.

Nanga mafumu? Apa lamulo ndi lolimba. Malamulo a 2016 amati mfumu yofuna udindo m'chipani kapena mpando wa phungu iyambe yatula pansi ufumu. N'chifukwa chake mawu a ku Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi, amapimidwa asanatuluke. Pa Kulamba, kumapeto kwa Ogasiti, pomwe Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana, zomwe zimamveka ndi za maukwati a ana aang'ono, sukulu ndi malo. Andale amakhala m'mahema n'kumamvetsera, ena mwina akuwerenga mitu m'malo momva uthengawo.

Komabe mlimi wa kwa Kawaza kapena kwa Pembamoyo saponya voti ndi Baibulo lokha. Amafunsa ngati feteleza wa FISP afika mvula isanagwe, ngati FRA ilipira msanga chimanga chake, ndiponso kuti thonje ndi soya ziguliwa zingati. Pa 12 Ogasiti 2021 a Hichilema anapambana ndi mavoti pafupifupi 2.8 miliyoni, a Lungu 1.8 miliyoni, ndipo ngakhale kum'mawa mpata womwe a Lungu anapambana nawo mu 2016 unachepa kwambiri. Boma latsopano linatseka unduna wa zipembedzo uja, koma tsiku la 18 Okutobala silinachotsedwe, ndipo mawu a a Chiluba akadali pa tsamba loyamba la malamulo a dziko.