Ulendo wa ku Mbombwe

Ana ambiri kuno ku Nathenje amangomudziwira pa ndalama ya K2,000 John Chilembwe, ndipo zimenezi zimandiwawa. Makolo, apititseni ku Mbombwe ku Chiradzulu. Basi ya pa M1 idzakudutsitsani pa Dedza, Ntcheu ndi Zalewa mpaka ku Limbe. Kuchokera apo n'kulowera ku Mbombweko, kumene kuli PIM, mishoni imene Chilembwe anayambitsa mu 1900. Pafupi ndi tchalitchi chatsopano pali zibuma za tchalitchi chake chanjerwa, chimene atsamunda anaphulitsa atathana ndi kuukira kumene iye anatsogolera pa 23 Januwale 1915. Musathamange, imani muziyang'ane bwinobwino. Kenaka mukafike ku Magomero, kumene thangata inazunza anthu pa esiteti ya A.L. Bruce ndipo woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone, anaphedwa usiku wa kuukira kuja. Mishoni ya PIM ija anadzaitsegulanso Dr Daniel Malikebu mu 1926.