Kodi mumadziwa? Kolifulawa wa timitu topota

Kodi mumadziwa kuti kuli kolifulawa wina, wobiriwira mopita kuchikasu, yemwe mutu wake ndi timitu tosongoka topotana ngati chigoba cha nkhono? Dzina lake ndi Romanesco, kwawo ndi madera ozungulira mzinda wa Rome ku Italy. Mukabenthula kamutu kamodzi, kamaoneka ndendende ngati mutu wonsewo, ndipo pa kamutuko pamakhalanso timitu tina tating'ono tofanana nako.

Chinsinsi chake chinadziwika bwino mu 2021, pomwe asayansi a ku France, mmodzi mwa iwo François Parcy, analemba m'magazini ya Science. Kamphukira kalikonse kamayamba ngati kakhala duwa, koma kamalephera, m'malo mwake n'kutulutsa timphukira tina, tomwe natonso timalephera chimodzimodzi. Ndiye kuti chomwe timadyacho ndi maluwa amene sanamasule.

Kodi mumadziwa kuti Romanesco ndi kabichi wa pamsika wa Nkhamenya ndi mbewu ya mtundu umodzi, Brassica oleracea? Repu, mpiru ndi tchayinizi ndi asuweni chabe. Mbozi ndi nsabwe zogwira kabichi sizisiya Romanesco, choncho musamubzale pomwe mwangozula kabichi.

Tsono chondikoka mtima ine ndi ichi. Mukawerenga mizere yopota ya timitu ta Romanesco, kawirikawiri mupeza manambala monga 8 ndi 13. Manambalawa ali m'ndandanda wa Fibonacci, katswiri wa masamu wa ku Pisa yemwe anaulemba mu 1202: 1, 2, 3, 5, 8, 13, 21, 34, 55, iliyonse ikupezeka pophatikiza ziwiri za m'mbuyo mwake. Mlimi wa kwa Kaluluma asavutike ndi ulendo wa ku Italy kuti aone zimenezi. Atenge mutu wa mpendadzuwa m'munda mwake, awerenge mizere ya nthangala yopita kumanja ndi yopita kumanzere: nthawi zambiri ipezeka 34 ndi 55. Fodya nayenso masamba ake samera mondondozana mbali imodzi. Amakwera mozungulira tsinde, ndipo izi zimathandiza kuti a m'munsi asaphimbidwe kotheratu ndi a m'mwamba. Pothyola, dzayang'aneni tsinde kuchokera pamwamba.

Wofuna kuyesa Romanesco kudimba adziwe kuti sagwirizana ndi kutentha. Afese nazale cha mu Epulo kuti mitu ipangike m'chisanu cha Juni ndi Julayi. Dzuwa la Okutobala limaimwaza. Pophika musathire soda kapena chidulo, chifukwa zimawononga vitamini C yemwe ali wambiri m'ndiwozi. Mphindi zochepa pamoto n'zokwanira.