Chuma cha Pansi, Maenje a Pamtunda (Gawo Loyamba)

Boma la Mzimba limadziwika ndi ng'ombe, chimanga ndi ngoma ya Angoni. Koma pansi pa nthaka yake, makamaka kum'mwera, pali chuma china: miyala ya mtengo wapatali monga aquamarine ndi rose quartz, ndiponso mwala wa niobium umene amalimbitsira zitsulo. Funso lathu lero ndi ili: pamene chumachi chikukumbidwa, ndani akuyang'anira kuti nthaka ndi eni ake asatsale pamavuto?

Malamulo alipo, ndipo ndi omveka. Lamulo la migodi la 1981 linalowedwa m'malo ndi la 2019, kenaka la 2023, limene linakhazikitsa bungwe loyang'anira migodi. Lamulo la chilengedwe la 2017 limati ntchito yaikulu isayambe akatswiri asanaunike m'mene idzakhudzire madzi, minda ndi anthu. Wokumba aliyense ayenera kukhala ndi chiphaso, kusunga zinyalala zake pamalo ovomerezeka, ndi kukonza malowo akamaliza. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Lamulo la papepala silikwirira dzenje.

Taonani okumba miyala ang'onoang'ono. Amagwira ntchito ndi piki, fosholo ndi nyundo, ndipo mwala ukatha amasamukira paphiri lina. Dzenje limatsala chiyasamire. Dzinja likafika limadzaza madzi, n'kukhala msampha wa ng'ombe ndi ana oweta, ndiponso moberekerana udzudzu. Dothi lofukulidwa limakokolokera kudambo, kumene amayi amalima ndiwo. Malo otere ali kutali ndi tauni ya Mzimba, ndipo woyendera migodi akamafika, mwini dzenje anapita kale.

Nkhani ya ku Kanyika, kwa Inkosi Mabilabo, ikutiphunzitsa china. Kampani ya ku Australia ya Globe Metals and Mining inayamba kufufuza miyala kumeneko mu 2006. Anthu a m'midzi yozungulira akuti mu 2012 anauzidwa kuti adzasamutsidwa, motero ambiri analeka kumanga nyumba zolimba ndi kubzala mitengo. Zaka zinapita osasamuka, mpaka mu 2017 anakadandaula ku khoti lalikulu ku Mzuzu. Chiphaso cha mgodi chinatuluka mu 2021, ndipo pangano la kampani ndi Boma linasainidwa mu 2023. Mwana amene anali mu Sitandade 1 pamene kusamuka kunatchulidwa, anafika msinkhu wa Fomu 4 panganolo likusainidwa. Apa nthaka inali isanakumbidwe kwenikweni, koma moyo wa anthu unali utaima kale.

Chinanso n'chakuti mwala wa ku Kanyika uli ndi uranium pang'ono. Choncho potayira zotsalira pafunika diso losagona, chifukwa madzi akaonongeka sabwerera mwakale ndi chipepeso cha ndalama.

Diso limeneli silingachokere ku Lilongwe kokha. Khonsolo ya M'mbelwa, makhosi ndi anyakwawa ndiwo amadziwa pamene pakumbidwa dzulo. Inu aphunzitsi ndi inu amene mwangotsiriza sukulu, mumatha kuwerenga chiphaso. Mlendo akafika ndi zokumbira, mufunseni mwaulemu: chiphaso chili kuti, malire ake ndi ati, dzenje adzakwirira ndani? Mukaona zokayikitsa, kauzeni mfumu ndi akhonsolo, ndipo mulembe tsiku lake.

M'gawo lachiwiri tidzaona pangano limene lamulo limafuna kuti mgodi waukulu upangane ndi midzi yoyandikana nawo.