Kodi Nzeru za Mwana wa Mmphawi Amaziona Ndani?

M'sukulu zambiri za boma ku America muli makalasi apadera a ana amene Allah adawaninkha nzeru zoposa anzawo. Mwana akalowa m'kalasi yotere amapatsidwa ntchito yolimbirapo yoyenera mutu wake. Nkhani yagona pa kasankhidwe kake.

M'boma la Broward, ku Florida, chisanafike chaka cha 2005 mwana ankayesedwa nzeru pokhapokha mphunzitsi kapena kholo atamutchula dzina. Makolo ophunzira ankadziwa khomo logogoda, ena mpaka ankalipira okha katswiri woti ayese mwana wawo. Makolo osauka, makamaka anthu akuda ndi olankhula Chisipanishi, mwayi wotere sankaupeza kawirikawiri, ndipo aphunzitsi nawo ana awowo ankangowadumpha. Mapeto ake m'makalasimo munkachuluka ana a azungu a m'madera opeza bwino.

Mu 2005 akuluakulu a maphunziro kumeneko adalamula kuti mwana aliyense wa kalasi yachiwiri alembe mayeso aafupi a zithunzi ndi mizere, osalira Chingerezi chambiri. Okhoza bwino ankawatumiza kwa katswiri kukayesedwa IQ. Muyezo sadautsitse ayi: udali 130, ndipo kwa ana osauka ndi ongophunzira kumene Chingerezi udali 116, monga kale. Chidasintha n'chakuti panalibenso kudikira munthu woti akutchule.

Akatswiri a zachuma awiri, David Card ndi Laura Giuliano, adafalitsa zotsatira zake mu 2016. Pa ana akuda 100 aliwonse, opezeka anzeru zapadera adachoka pa mmodzi kufika pa atatu. Olankhula Chisipanishi adachoka pa awiri kufika pa 6. Chimene chatigwira mtima ife n'chakuti ambiri mwa ana atsopanowa sadakhoze mwamwayi, adapitirira muyezo wawo ndi patali. Ankakhala tsiku ndi tsiku pamaso pa aphunzitsi awo, koma osaonedwa.

Ife ophunzitsa ku madrasa kuno kunyanja mwana wotereyu timamudziwa. Surah yaitali amaisunga pamtima masiku ochepa, mawerengedwe ake osalakwa, koma kusukulu amakhala chete kumbuyo chifukwa kunyumba amalankhula Chiyao, ndipo bambo ake ali panyanja, sangapite kukamunenerera kwa ahedi. Tikaona mwana wotere tisangothera pa Masha Allah. Tipite ndi makolo ake tikamutchule dzina kwa aphunzitsi ake a kusukulu, poti kwathu kuno mayeso a boma amadza mochedwa, mu Sitandade 8, ena atasiya kale sukulu.

Ku Broward chisangalalo sichidakhalitse. Chuma cha America chitavuta, ndalama zolipirira akatswiri oyesa zidachepa, ndipo mu 2010 mayeso a ana onse aja adaimitsidwa. Chiwerengero cha ana akuda ndi olankhula Chisipanishi m'makalasi aja chidatsikanso.