RAM yochuluka: kodi ndi mankhwala a kompyuta yaulesi?

Pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft idathetsa chisamaliro cha nthawi zonse cha Windows 10. Eni malaputopu akale, kuphatikizapo akaunjika amene adzaza m'masitolo ku Limbe ndi ku Lilongwe, tsopano maso ali pa Windows 11. Funso limene okonza makompyuta amalimva kawirikawiri ndi lomwe lija: ndikawonjezera RAM, kompyutayi ithamanga?

Nthawi zina imathamangadi, mpaka mwini wake kudabwa. Nthawi zina ndalama zimangopita.

RAM ndi pamene kompyuta imaika zinthu zimene ikugwiritsa ntchito nthawi yomweyo, ndipo ikazimitsidwa zonse zimafufutika. Disiki ili ngati nkhokwe, RAM ili ngati lichero. Lichero likachepa, wopeta amathera nthawi m'njira, kukatapa ndi kukabweza. Windows nayo imachita zomwezo: RAM ikadzaza, imasamutsira zina ku fayilo yotchedwa pagefile.sys, imene ili pa disiki. Vuto limayambira pamenepo. RAM ya mtundu wa DDR4-3200 imatha kusuntha pafupifupi 25 GB pa sekondi, pomwe hard disk wamba ya laputopu imangofika cha m'ma 100 MB. Kabwalo kozungulirazungulira kamene kamatopetsa anthu muofesi nthawi zambiri kamatanthauza kuti kompyuta ikudikira disiki.

Mbiri ya Windows ikusonyeza kuti njala ya RAM yakhala ikukula. Windows XP ya mu 2001 inkatha kudzuka ndi 64 MB yokha. Windows Vista itafika m'masitolo mu Januwale 2007, inkafuna 512 MB, ndipo makompyuta ambiri adagulitsidwa atamatidwa chizindikiro cholembedwa kuti Vista Capable. Ogula ena ku America adasumira Microsoft ataona kuti makina otero ankangokwanitsa mtundu wotsika, Vista Home Basic. Masiku amenewo, kukweza RAM kuchoka pa 512 MB kufika pa 2 GB kunkasintha kompyuta moonekeratu, ndipo chikhulupiriro choti RAM imachiza chilichonse chidazika mizu.

Vista yomweyo idabweretsa SuperFetch, njira yoonera mapulogalamu amene munthu amatsegula pafupipafupi n'kuwaikiratu mu RAM asanawaitane. Anthu ankaona RAM yadzaza kompyuta isakuchita kanthu, n'kumadandaula kuti Vista ndi yosusuka. Koma malo amenewo amaperekedwa msanga pulogalamu ina ikawafuna. Mpaka lero ambiri amachita mantha ndi manambala a RAM popanda chifukwa, pomwe RAM yongokhala osagwira ntchito sipindulitsa aliyense. Padalinso ReadyBoost, yolola kubaya fulashi kuti ithandize disiki. Inkathandizako pang'ono pa makina osowa RAM, koma sidalowepo m'malo mwa RAM yeniyeni.

Ena adatayapo ndalama chifukwa cha malire a Windows ya 32-bit, imene sitha kugwiritsa ntchito RAM yopitirira 4 GB, ndipo kawirikawiri imangoona pakati pa 3 ndi 3.5 GB. Windows 11 ilibe vutoli chifukwa imapezeka mu 64-bit yokha.

Microsoft imati Windows 11 imafuna 4 GB. Nambala imeneyi ndi yongoti kompyuta idzuke, osati igwire ntchito momasuka. Chrome ndi Edge zimagawa matabu m'zigawo zodziyimira pazokha, chilichonse ndi RAM yake. Munthu akatsegula matabu khumi, WhatsApp, Word ndi Zoom, 4 GB imatha msanga. N'zoona kuti kuyambira pa Windows 10 dongosololi limapanikiza zina mwa zimene zili mu RAM lisanazitumize ku disiki, monga momwe macOS ya Apple yakhala ikuchitira kuyambira mu 2013, koma kupanikizako kuli ndi polekezera. N'chifukwa chake kuchoka pa 4 GB kufika pa 8 GB ndiko kukweza kopindulitsa kwambiri. Kuchoka pa 8 kufika pa 16 kumathandiza okonza mavidiyo, ojambula mapulani a nyumba ndi okonda magemu. Kupitirira apo, mlembi wongolemba makalata saona kusintha kulikonse. Kompyuta ikasiya kuthamangira ku disiki, RAM yowonjezera imangokhala.

Njira yodziwira vuto ndi yaulere. Kudina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kumatsegula Task Manager, ndipo pagawo la Performance pamaoneka chimene chapanikizika. Ngati Memory ikukhala pafupi kudzaza pa ntchito za tsiku ndi tsiku, RAM yachepadi. Ngati Memory ili ndi malo koma Disk yakakamira pa 100%, wolakwa ndi hard disk, ndipo mankhwala ake ndi SSD. Ngakhale SSD yotchipa ya SATA imafika cha m'ma 500 MB pa sekondi, komanso ilibe mbale zozungulira zoti mutu wowerenga uzisakasaka mafayilo. Pa malaputopu akale ambiri, SSD imasintha zinthu kuposa RAM, ngakhale wogulitsa wofuna kumaliza katundu wake sangafulumire kunena zimenezo.

Wogula asamalenso mtundu. DDR3, DDR4 ndi DDR5 sizilowana, chifukwa kamphako ka chilichonse kali pamalo pake. Timitengo tiwiri tofanana ta RAM ta 4 GB timathamanga kuposa kamodzi ka 8 GB pa makina olola njira ziwiri, makamaka pamene zithunzi za pasikirini zimadalira RAM yomweyo. Ndipo malaputopu ambiri opyapyala a masiku ano ali ndi RAM yowotcherera pa bolodi. Makompyuta a Apple okhala ndi purosesa ya M1, imene idatuluka mu 2020, ndi otsatira ake salola kuwonjezera RAM mukagula. Mu Okutobala 2024 Apple idakweza RAM yoyambira ya ma Mac atsopano kufika pa 16 GB, chaka chomwecho chimene Microsoft idaika 16 GB ngati RAM yochepetsetsa yofunika pa makompyuta a Copilot+.

Kwa eni malaputopu akaunjika pali chipata china chimene RAM singatsegule. Windows 11 imafuna chipangizo chachitetezo cha TPM 2.0, ndipo pa mapurosesa a Intel Core imavomereza kwenikweni a m'badwo wachisanu ndi chitatu, oyamba kutuluka mu 2017, ndi obwera pambuyo pake. Laputopu ya Core i5 ya mu 2014 ikhoza kuikidwa 16 GB ndi SSD n'kumathamanga bwino, koma pulogalamu ya PC Health Check idzanenabe kuti siyoyenera Windows 11.