Jacki Weaver: katswiri wa zisudzo wa ku Australia amene Hollywood inamudziwa ali ndi zaka 63

Mu January caka ca 2011, bungwe limene limapereka mphotho za Oscar ku America linalengeza maina a azimai asanu opikisana pa gawo la mzimai wothandizira m'filimu. Pakati pa mainawo panali dzina la Jacki Weaver, mai wa ku Australia amene panthawiyo anali ndi zaka 63 zakubadwa. Anthu ambiri a ku America anali asanamvepo dzinali, ndipo ena anayesa kuti ndi munthu wacatsopano pa nchitoyi. Koma kwao ku Australia, Mai Weaver anali atagwira nchito ya zisudzo kwa zaka pafupifupi 50.

Funso limene nkhani ya maiwa imadzutsa ndi lakuti, zinatheka bwanji kuti munthu waluso lotere akhale wosadziwika kunja kwa dziko lao kwa nthawi yaitali conco? Yankho lake lagona pa mbiri ya mafilimu a dziko la Australia, komanso pa mmene nchitoyi imacitira ndi azimai akayamba kukula.

Mai Weaver anabadwira mu mzinda wa Sydney pa 25 May 1947. Anayamba zisudzo ali mtsikana wa zaka 15, pamene anasewera ngati Cinderella pa bwalo lina la zisudzo mu mzindawo. Pa zaka zotsatira anayamba kuonekera pa wailesi ya kanema, makamaka pa programu ya nyimbo ya acinyamata yochedwa Bandstand, pamene anali kuimba.

Panthawiyo dziko la Australia linali kupanga mafilimu ocepa kwambiri. M'nyumba zoonetsera mafilimu munali modzaza ndi mafilimu ocokera ku America ndi ku Britain, ndipo wosewera aliyense wofuna kuchuka anayenera kukwera sitima kapena ndeke kupita ku London kapena ku Hollywood. Zinthu zinayamba kusintha m'caka ca 1970 pamene boma la nduna yaikulu John Gorton linakhazikitsa bungwe la Australian Film Development Corporation, loti lidzipereka ndalama kwa opanga mafilimu a m'dzikolo. Mu 1973 kunatsegulidwa sukulu ya boma yophunzitsa za mafilimu ndi wailesi ya kanema, ndipo mu 1975 kunabadwa bungwe la Australian Film Commission. Ndalama za bomazi ndizo zinapatsa mwai anthu a ku Australia kuti ayambe kuona nkhani zao, malo ao ndi kalankhulidwe kao pa kanema.

Mai Weaver anali m'gulu la oyamba kupindula. Mu 1971 anasewera m'filimu yoseketsa yochedwa Stork, imene anaitsogolera ndi Tim Burstall kucokera pa sewero lolembedwa ndi David Williamson, ndipo analandira mphotho ya bungwe la Australian Film Institute. Kenaka kunabwera Alvin Purple mu 1973 ndi Petersen mu 1974. Mu 1975 anaonekera mu Picnic at Hanging Rock, filimu ya Peter Weir yosimba za atsikana a sukulu amene anasowa modabwitsa pa phiri lina m'caka ca 1900. Filimuyi inachuka m'maiko ambiri, koma mbali ya Mai Weaver, ya wanchito wa pa sukulupo dzina lake Minnie, inali yaing'ono. Caka cotsatira analandiranso mphotho ina cifukwa ca filimu ya Caddie.

Zitatha izi, nchito ya mafilimu inayamba kuwacepera. Anzao ena anawoloka nyanja n'kukachuka kunja, koma iwo anatsala kwao. Kwa zaka zoposa 30 moyo wao unali pa bwalo la zisudzo, pamene anasewera m'masewero ambirimbiri, oseketsa, omvetsa cisoni ndi oimba omwe, akuyenda m'mizinda ndi m'matauni a dziko lao. Mu 1996 anaonekera m'filimu ya Cosi, ndipo mu 2005 anatulutsa buku losimba za moyo wao lochedwa Much Love, Jac. Buku lotere kawirikawiri munthu amalemba akaona kuti nchito yake yaikulu yatha.

Tiyenera kunena pano kuti zaka zimenezi sizinapite pacabe. Pa bwalo la zisudzo palibe mwai wobwereza ngati mmene zimakhalira pojambula filimu. Wosewera amaimirira pamaso pa anthu usiku uliwonse, ndipo akalakwitsa mau kapena akacedwa kuyankha, khamu lonse limaona pomwepo. Munthu amene wacita zimenezi kwa zaka makumi atatu amadziwa nthawi yolankhula ndi nthawi yokhala cete, ndipo luso limeneli ndilo linaoneka pamene mwai unafika.

Mwaiwo unadza ndi David Michôd, mnyamata amene anali kupanga filimu yake yoyamba yaitali, Animal Kingdom, imene inatuluka mu 2010. Nkhani yake ndi ya banja la zigawenga mu mzinda wa Melbourne, ndipo mbali ina inatengedwa pa zimene zinacitikadi mu mzindawo mu 1988, pamene apolisi awiri anaphedwa pa mseu wa Walsh Street. M'filimuyi mnyamata wa zaka 17, amai ake atamwalira ndi mankhwala osokoneza bongo, amapita kukakhala kwa ambuye ake, Janine Cody, amene onse amawachula kuti Smurf. Ana aamuna a gogoyu ndi mbava zoopsa, ndipo mdzukuluyo amapezeka ali pakati pa amalume ake ndi apolisi.

Mai Weaver ndiwo anasewera ngati gogoyo. Cimene cinadabwitsa oonera ndi cakuti sanasewere mbaliyi mwaukali. Janine ndi mai wamfupi, wa mau ofewa, womwetulira nthawi zonse, amene amaphikira ana ake ndi kuwapsompsona ngati makanda. Kwa nthawi yaitali woonera amaganiza kuti ndi kholo lacikondi limene langotsekera maso zoipa za ana ake. Koma zikaoneka kuti mdzukulu wake angapereke umboni m'khoti wotsutsa anawo, gogoyu amakonza zoti mnyamatayo aphedwe, ndipo amatero ndi mau ofewa omwe aja, kumwetulira kuli komweko. Wosewera wina akanakweza mau kapena kukwinya nkhope kuti aonetse nkhanza. Mai Weaver sanasinthe kanthu, ndipo m'pamene mantha a filimuyi agona.

Filimuyi inapambana mphotho yaikulu ya mafilimu a maiko akunja pa cionetsero ca Sundance ku America mu January 2010, ndipo kampani ya Sony Pictures Classics inaitenga n'kuyamba kuionetsa m'dzikolo. Zimenezi zinali zofunika kwambiri, popeza mwa malamulo a nthawiyo filimu inayenera kuonetsedwa m'nyumba za mafilimu za ku Los Angeles kuti osewera ake apikisane nao pa Oscar. Maina asanu a opikisana amasankhidwa ndi osewera anzao a m'bungwelo, kenaka mamembala onse amaponya voti. Mai Weaver analandira mphotho kwa olemba nkhani za mafilimu a ku Los Angeles ndi ku bungwe la National Board of Review, koma Oscar inapita kwa Melissa Leo wa m'filimu ya The Fighter.

Ngakhale sanapambane, khomo linali litatseguka. David O. Russell anawapatsa mbali mu Silver Linings Playbook ya mu 2012, mmene anasewera ngati Dolores, mkazi wa Robert De Niro ndi mai wa Bradley Cooper, mai wofatsa amene akuyesetsa kugwirizanitsa banja lokhala ndi mwana wodwala matenda a maganizo. Mbaliyi inalibe mau ambiri, komabe inawapezera mwai wina wopikisana pa Oscar mu 2013. Filimuyi inali yoyamba kucokera pa Reds ya mu 1981 kukhala ndi opikisana pa magawo onse anai a osewera. Ulendo uno mphothoyo inapita kwa Anne Hathaway.

Pa bwalo la zisudzo sanacokepo msanga. Mu 2010 anasewera pamodzi ndi Cate Blanchett mu Uncle Vanya, sewero la Anton Chekhov, lokonzedwa ndi Sydney Theatre Company, ndipo anapita nalo ku Washington mu 2011 ndi ku New York mu 2012. Mu 2014 dziko lao linawapatsa ulemu wa Officer of the Order of Australia. Amuna ao, Sean Taylor, amene anakwatirana nao mu 2003, naonso ndi wosewera zisudzo, wocokera ku South Africa.

Kucokera pamenepo nchito yakhala yosasowa, ngakhale kuti si mafilimu onse amene anawapatsa mbali zolingana ndi luso lao. Anaonekera mu The Disaster Artist mu 2017, mu Widows ndi Bird Box mu 2018, ndipo mu 2021 analowa mu Yellowstone, sewero lochuka la pa wailesi ya kanema, ngati mkulu wa kampani yofuna kulanda malo. Mu 2024 anabwereketsa mau ao kwa nkhalamba yochedwa Pinky mu Memoir of a Snail, filimu ya zidole ya ku Australia imene inapikisana nao pa Oscar caka cotsatira.

Nayo nkhani ya banja la Cody inapitirira. Ku America anaisandutsa sewero la pa wailesi ya kanema, limene linaonetsedwa kucokera mu 2016 mpaka mu 2022, ndipo mbali ya Smurf inaseweredwa ndi Ellen Barkin.