Musanaike ndalama za banja pa msika wa crypto, funsani wosunga kiyi

Nkhani ya ndalama za pa intaneti, zomwe ambiri akungozitchula kuti crypto, yalowa m'mabanja. Kale tinkaimvera kwa ana athu okhala ku Joni ndi ku Mangalande, koma lero ikukambidwa m'minibasi, m'maofesi, ngakhale pa banki m'khonde. Makalata omwe akufika patsamba lino akudandaula chinthu chimodzi: bambo kapena mayi waika ndalama za pakhomo pa app ya mufoni, manambala akuoneka akukwera, koma mnzake sakupeza tulo. Funso lawo n'lakuti, kodi anthu omwe akusunga ndalamazi tingawakhulupirire?

Achinyamatawa sitingawadzudzule msanga. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Yemwe adasunga ndalama ya malata adapeza kuti tsopano ikungokwana misomali. Aliyense akufuna pothawira. Koma abale anga, pousa mvula pamafunika kuyamba mwayang'ana denga.

Msikawu umayenda bwanji?

Bitcoin, yomwe ndi kholo la ndalama zonsezi, idayamba mu 2009. Palibe boma kapena banki yomwe imaisindikiza. Imangolembedwa m'kaundula wosungidwa pa makompyuta ambirimbiri padziko lonse, ndipo mwini ndalama ndi yemwe ali ndi kiyi wachinsinsi woitsegulira. Kiyiyo akatayika, ndalamayo yapita. Wina akamupeza, ndalamayo ndi yake.

Munthu wamba amagula crypto kudzera m'makampani omwe amakumanitsa ogula ndi ogulitsa. Pa Chingerezi amati exchange, ife tingoti misika. Mayina odziwika ndi monga Binance, Coinbase, Bybit, Luno ndi VALR. Tsono mvetsetsani apa. Mukagula crypto n'kuisiya pamsika pomwepo, kiyi amakhala ndi kampaniyo, osati inu. Nambala yomwe mukuiona pafoni ndi lonjezo chabe lakuti tsiku lomwe mudzafune adzakupatsani.

Zili ngati kusungitsa chimanga m'nkhokwe ya munthu wa kutsidya kwa nyanja yemwe simudamuonepo, iye n'kukutumizirani kapepala kolembedwa matumba khumi. Njala ikafika, kapepalako sikapita kuchigayo.

Chaona mnzako chapita

Njira yoyamba yomwe ndalama zimatherapo ndi ya akuba. Msika wa Mt. Gox wa ku Tokyo, m'dziko la Japan, udali waukulu kuposa yonse panthawi yake. Mu February 2014 udasiya kupereka ndalama, kenako udalengeza kuti ma Bitcoin pafupifupi 850 000 asowa. Eni ndalama adayamba kubwezeredwa gawo lake mu July 2024. Mwana yemwe ankayamba Sitandade 1 pomwe msikawo unkagwa adali ali kusekondale pomwe makolo ake ankalandira.

Umbavawu sudathe. Mu February 2025 akuba adalowa pamsika wa Bybit n'kutenga crypto ya ndalama pafupifupi $1.5 biliyoni, ndipo apolisi a FBI ku America adaloza chala gulu la ku North Korea. Apa kampaniyo idakwirira dzenjelo ndipo makasitomala adapitiriza kutapa ndalama zawo. Zidatengera kuti thumba la kampani lidali lakuya bwanji, chinthu chomwe inu muli ku Ndirande kapena ku Area 25 simungachione.

Njira yachiwiri ndi mlonda yemwe. Ku Canada kudali msika wa QuadrigaCX. Mwini wake, Gerald Cotten, adamwalira ali paulendo ku India mu December 2018 ali ndi zaka 30, ndipo kampani idati ndi iye yekha ankadziwa mapasiwedi. Bungwe loona za malonda a masheya ku Ontario litafufuza, lidapeza mu 2020 kuti ndalama zambiri adali atazimwaza kale akadali moyo. Anthu pafupifupi 76 000 adagwira m'madzi.

Nanga FTX? Kampaniyi idali ndi likulu ku Bahamas, dzina lake lidalembedwa pabwalo la masewero ku Miami, ndipo akatswiri otchuka amasewero ankaitsatsa pa kanema. Pa 11 November 2022 idagwa. Zidadziwika kuti ndalama za makasitomala pafupifupi $8 biliyoni zidapatutsidwira ku kampani ina ya mwini wake, Sam Bankman-Fried, yotchedwa Alameda Research. Mu March 2024 bwalo la ku New York lidamulamula kukaseweza zaka 25. Makasitomala adayamba kulandira mu 2025, koma powerengera mtengo wa tsiku lomwe kampani idagwa, pomwe Bitcoin imodzi idali yosafika $17 000, chonsecho mu December 2024 idali itadutsa $100 000. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Njira yachitatu ndi mkangano wa msika ndi boma. Ku Zimbabwe, mu May 2018, banki yaikulu idalamula mabanki kuti asiye kugwira ntchito ndi misika ya crypto, ndipo makasitomala a msika wa Golix wa ku Harare adavutika kutulutsa ndalama zawo. Binance, ngakhale ndi yaikulu choncho, idavomera mu November 2023 kuti idaphwanya malamulo a America oletsa kubisa ndalama zakuba, n'kulipa $4.3 biliyoni. Mu March 2024 idasiya malonda a ndalama ya naira itasemphana ndi boma la Nigeria. Njovu zikamalimbana, wovutika ndi udzu.

Misika ina si misika n'komwe

Njira yachinayi ndi yomwe ikumaliza anthu ambiri kuno kwathu. Pali ma app omwe amaoneka ngati msika, ali ndi mizere yofiira ndi yobiriwira yokwera ndi kutsika, koma kuseri kulibe malonda alionse. Ndalama ya wolowa lero ndi yomwe amalipira wolowa dzulo.

Abale athu a ku South Africa akuikumbukira Mirror Trading International. Mkulu wake, Johann Steynberg, ankati ali ndi pulogalamu ya pakompyuta yomwe imapindulitsa pafupifupi 10 peresenti mwezi ndi mwezi, ndipo wobweretsa mnzake ankalandira kangachepe. Bungwe loyang'anira za chuma kumeneko la FSCA lidachenjeza mu August 2020, anthu osamva. Mu December chaka chomwecho mkuluyo adathawira ku Brazil. Akuluakulu a ku America adawerengera kuti adatolera ma Bitcoin oposa 29 000, a ndalama zoposa $1.7 biliyoni. Chowawa china n'chakuti omwe adapatsidwa ntchito yotolera katundu wa kampaniyo adatsatiranso mamembala omwe adalandirapo phindu kuti abweze.

Tengani pensulo tiwerengere limodzi. K100 000 ikamabereka 10 peresenti mwezi uliwonse, inu osatapako, pakutha pa chaka imakwana K314 000. Pakutha pa zaka zisanu yadutsa K30 miliyoni. Pakutha pa zaka khumi yadutsa K9 biliyoni. Ndiye munthu wodziwa matsenga oterowo angavutikirenji kukusakani inu pa WhatsApp kuti mumupatse ndalama ya feteleza?

Mukadzalira mudzapita kwa yani?

Mu 2019 banki yaikulu ya Reserve idachenjeza Amalawi kuti crypto si ndalama yovomerezeka yogulira zinthu m'dziko muno, ndipo wochita malondawa akudziika yekha pachiswe. Banki yanu ikakulakwirani, mumadziwa khomo lake, mumamuona manijala, ndipo pali kokadandaula. Msika wa crypto womwe udalembetsedwa pa kachilumba ka kutali ukatseka, mlandu wake umakazengedwa kumeneko, m'Chingerezi cha maloya omwe amalipidwa madola.

Maiko ena adayamba kuika malamulo. Ku South Africa, FSCA idalamula mu October 2022 kuti crypto ikhale pansi pa malamulo a zachuma, ndipo mu 2024 idayamba kupereka ziphaso kwa makampani monga Luno ndi VALR. Chiphaso chimathandiza chifukwa pamakhala wina woyang'ana mabuku. Koma sichiletsa mtengo kugwa. Bitcoin idafika pafupifupi $69 000 mu November 2021, ndipo patatha chaka chimodzi magawo atatu mwa anayi a mtengowo adali atapita. Ngakhale ndalama zomwe amati n'zomangirira ku dola nazo zimaduka chingwe, monga idachitira TerraUSD mu May 2022.

Mafunso ofunsa musanatumize

M'chipatala, kabati ya mankhwala oopsa siidalira kukoma mtima kwa namwino. Pakusinthana ntchito, anamwino awiri amatsegula, kuwerenga botolo lililonse, kuyerekeza ndi buku, kenako onse n'kusaina. Sikuti timaganizirana zakuba ayi, koma chinthu chamtengo sichisiyidwa m'manja mwa munthu mmodzi popanda wowerenga. Muyezo womwewo muyezereni wosunga ndalama zanu.

Loyamba, kampaniyi idalembetsedwa kuti, ndipo ndi bungwe liti la boma lomwe limaiyang'anira? Musakhutire ndi chithunzi cha setifiketi chomwe akutumizirani. Pitani pa tsamba la bungwe lomwe atchulalo mukaone ngati dzinalo lilipodi.

Lachiwiri, ndani amawerenga mabuku ake? Misika yambiri chigwereni FTX imaonetsa umboni wa chuma chomwe ikusunga. N'zabwino ndithu, koma munthu akhoza kukuonetsani ng'ombe khumi m'khola osakuuzani kuti ali ndi ngongole ya ng'ombe makumi awiri.

Lachitatu, kodi akulonjeza phindu lokhazikika, kapena akukulipirani mukabweretsa anzanu? Msika weniweni umadya kandalama kochepa pa malonda alionse, sulonjeza kanthu. Wolonjeza phindu la tsiku ndi tsiku, m'thaweni.

Lachinayi, kodi ndalama imatuluka? Yambani ndi yochepa, kenako muitape yonse ifike m'manja. Koma dziwani kuti akathyali amalipira bwino masiku oyamba kuti muwonjezere. Akadzati muyambe mwalipira msonkho kapena ndalama yotsegulira akaunti musanatape, dziwani kuti mwalowa m'khwekhwe, ndipo musatumizenso ngakhale tambala.

Lachisanu, app imeneyi mwaipeza bwanji? Ngati yabwera pa linki ya WhatsApp, Telegram kapena Facebook, kuchokera kwa chibwenzi cha pa intaneti kapena "mphunzitsi" yemwe simudakumanepo naye, isiyeni.

Ambiri kuno amagula pogulana munthu ndi munthu, polipira ndi Airtel Money kapena Mpamba, msika uli pakati ngati mboni. Ngati mukugulitsa, musamasule crypto chifukwa cha uthenga wa pafoni wokha. Tsegulani akaunti muone ngati ndalama yalowadi. Wina akati mukamalizire malonda kumbali, kanani. Funsaninso ku banki yanu ngati zomwe mukuchitazo sizikuwombana ndi malamulo a ndalama zakunja. Safunsa adadya phula.

Ena amachotsa crypto pamsika n'kudzisungira okha kiyi, yemwe amakhala mawu 12 kapena 24. Pamenepo palibe kampani ingakubereni, komanso palibe yemwe angakuthandizeni mawuwo akatayika. Alembeni papepala, musawajambule pafoni, ndipo musauze aliyense woimba foni ngakhale atati ndi wa kukampani.

Za m'nyumba mwathu

Tsono ndilankhule nanu ngati mayi wanu. Crypto payokha siipasula banja, chopasula ndi chinsinsi. Bambo akatenga ndalama ya lendi mwakabisira poganiza kuti adzadabwitsa mkazi wake ndi phindu, tsiku lomwe app yatseka amataya ziwiri: ndalama ndi chikhulupiriro. Ndalama imapezekanso, chinacho chimatenga zaka.

Khalani pansi awiri, mugwirizane kuchuluka kwa ndalama yomwe itati yapita lero, ana adyabe ndipo apitabe kusukulu. Imeneyo ndiye malire. Fizi, feteleza, lendi, ndalama ya kuchipatala ya mayi woyembekezera, penshoni ya makolo, izi zisayandikire. Ya katapila kapena ya banki m'khonde ndiye musayerekeze, chifukwa ngongole siidziwa kuti msika wagwa.

Musakokeremo achibale, apongozi kapena a kumpingo. Zikadzavuta, mwini app sadzaoneka pamaliro ndi paukwati, odzaoneka ndinu.

Ganiziraninso za imfa, poti siipangana tsiku. Banki ili ndi njira yoti mkazi wamasiye ndi ana alandire. Foni yokhoma yomwe mwini wake wagona kumanda ilibe. Mnzanu wa m'banja adziwe dzina la msika ndi pomwe mwasunga pepala lija.

Makolo, mwana akabwera ndi nkhaniyi musathamangire kumukalipira, chifukwa akangobisa basi. Mufunseni mafunso asanu aja modekha. Akalephera kuyankha awiri, iye mwini aona.

Kwa inu omwe zakuonekerani kale, sungani mauthenga ndi malisiti onse, mukanene kupolisi. Chenjerani ndi omwe adzabwere kuti akuthandizani kubweza ndalamazo mukawalipira kaye. Kawirikawiri ndi akuba omwewo atasintha malaya. Muuzeni mnzanu wa m'banja lero, ngati n'kovuta itanani ankhoswe. Ndipo mukaona kuti tulo tasowa, mutu sukuleka, mtima ukuthamanga, kapena maganizo ofuna kudzichotsera moyo ayamba kubwera, pitani kuchipatala msanga, mukayezetse BP ndi kulankhula ndi adokotala. Manyazi a ndalama asakutengereni kumanda. Ana anu akufuna inuyo kuposa ndalama zomwe zapitazo.

Tionanenso Lamulungu likudzali.